Chinsinsi cha kanyenya chili pamchere

Dzuwa likamapendeka ku Ndirande, mphuno ndiyo imayamba kudziwa kuti tsiku latha. Kuyambira pa Chinseu mpaka kumsika waukulu, fungo la mafuta a mbuzi akudonthera pamakala limalowa m'maminibasi, ndipo ngakhale amene adalumbira m'mawa kuti sagula kanthu amayamba kupisa dzanja m'thumba.

Zimakhala chimodzimodzi pa Mvula ku Bangwe, pa Nthukwa ku Chilomoni, pamsika wa Zingwangwa ndi m'malo okwerera minibasi ku Machinjiri. Mbaula yopangidwa kumgolo wodula, waya pamwamba pake, mpeni wakuthwa ndi kathabwa kodulira: ofesi yatha pamenepo.

Wogula amaloza nthuli yomwe yamudolola. Wootcha amaidula timagawo, kuibwezera pamoto pang'ono, nkuiika pakapepala. Pambali pamakhala timilu tiwiri, wina woyera wina wofiira. Woyerawo ndi mchere, wofiirawo ndi tsabola. Pa timilu timeneti ndi pamene pagona bizinesi yonse, pakuti mbuzi ndi imodzimodzi ndipo makala ndi amodzimodzi, koma wina nyama imamuthera 7 koloko isanakwane pomwe mnzake amabwerera nayo kunyumba.

Masiku ano pabwera dzina lachilendo pakati pa okonda nyama yootcha: mchere wa utsi. Ena adauona m'mashopu akuluakulu a m'tauni, ena adalandira kabotolo kuchokera kwa m'bale wobwera ku Joni, komwe kuotcha nyama Loweruka kuli ngati mwambo. Funso lomwe mabanja ambiri ali nalo ndi lakuti kodi mcherewu nchiyani, ndipo ndi woyenera kutayirapo ndalama?

Mbaula yolera ana

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu oposa 800,000, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'malokeshoni. Kwa anyamata ndi abambo ambiri osowa ntchito yolembedwa, kanyenya ndiye amalipira lendi, fizi ndi thumba la chimanga.

Mbuzi zambiri zimachokera m'misika ya kunja kwa mzinda monga Lunzu, pomwe ng'ombe zochuluka zimakwera chitunda cha Thabwa kuchokera kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje. Wootcha amagula mwendo kapena mbuzi yathunthu m'mawa, ndipo ayenera kuigulitsa tsiku lomwelo chifukwa ambiri alibe filiji. Nyama ikagona, phindu lagona nayo limodzi.

Ntchitoyi yaona zokhoma. Mu April 2006 boma la Bingu wa Mutharika lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda pa ntchito yomwe idatchuka ndi dzina loti Operation Dongosolo, ndipo mbaula zambiri zidasamukira m'misika ndi kumbali kwa malo omwera. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, nawo udachititsa ogula ambiri kuopa chakudya cha pamsewu.

Pamene ogula achepa ndipo nyama yakwera mtengo, wootcha sangapikisane ndi anzake potsitsa mtengo. Chomwe chimamutsalira ndi dzanja lake pamchere ndi zokometsera.

Dzina latsopano, fungo lakale

Mchere wa utsi ndi mchere wamba womwe waikidwa pautsi wa nkhuni kwa maola angapo, nthawi zina masiku, mpaka utasintha mtundu kukhala wotuwa kapena wofiirira nkutenga fungo la utsiwo. Ku Denmark, ku Britain ndi ku America amaupanga ndi nkhuni za mitengo monga oak, hickory ndi maapozi, nkumaugulitsa m'timabotolo pamtengo woposa wa mchere wamba kangapo.

Koma kwa munthu amene adakulira kumudzi, fungoli si lachilendo. M'khitchini ya agogo, chimanga cha mbewu chinkapachikidwa pamwamba pa moto, nyama yotsala inkawambidwa pansanja, ndipo mchere unkasungidwa pafupi ndi mafuwa kuti usanyowe nthawi ya dzinja. Zonsezi zinkamwa utsi. Mlamba wowamba wa kunyanja ya Chilwa umakoma chifukwa cha ukwati womwewu wa mchere ndi utsi.

Ngakhale mchere weniweniwo kale unkadutsa pamoto. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 ndi zaka zotsatira, adapeza anthu akukumba dothi la mchere, kulitcheza ndi madzi, nkuwiritsa madziwo m'miphika mpaka atauma. Mchere umenewu unkasinthanitsidwa ndi katundu wina kumtunda. Lero mchere wambiri wa m'magolosale umachokera kunja, makamaka ku Botswana ndi ku Mozambique.

Mchere sudakhalepo chinthu chamasewera pamwambo. Akuluakulu amakumbuka kuti mayi amene ali kumwezi sankathira mchere m'ndiwo poopa mdulo, ndipo ankaitana mwana wamng'ono kuti adzathire. Kaya munthu amakhulupirira zimenezi kaya ayi, mwambowu umaonetsa kuti makolo ankadziwa kuti wogwira mchere wagwira moyo wa banja.

Kupanga pakhomo

Banja lofuna kulawa mchere wa utsi silifunika kupita kushopu ya m'tauni. Chofunika ndi mchere wa mibulu ikuluikulu, sefa ya waya kapena chivundikiro chakale cha poto chobooledwa, mbaula ndi chidebe kapena mgolo wovundikirira.

Mcherewo amauwaza timadzi pang'ono, chifukwa utsi umamatirira bwino pachinthu chonyowa, kenaka nkuuyala mopyapyala pasefapo. Pamakala ochepa omwe ayaka kale amaikapo tizidutswa ta nkhuni kuti tizifuka osayaka. Sefa imakhala patali ndi moto, chifukwa chofunika ndi utsi osati malawi. Akavundikira, amasiya kampata kotulukira utsi.

Pakatha theka la ola lililonse amautakasa kuti mbali zonse zimwe utsi. Pakatha maola atatu kapena anayi mchere umakhala utasintha mtundu. Ukazizira amausinja pang'ono mu mtondo nkuutsekera m'botolo louma, ndipo umakhala miyezi osataya fungo.

Nkhuni zake ndi zosankha. Nthambi zouma za mango, gwafa, pichesi ndi malalanje zimapereka utsi wofatsa. Zitsononkho za chimanga, zomwe mabanja ambiri amangotaya akakonola, nazo zimagwira ntchito bwino lomwe. Paini ali ndi utomoni womwe umawawitsa chakudya, ndipo bulugamu wamuwisi amanunkha mankhwala. Matabwa opaka penti kapena othira mankhwala a chiswe ndi oopsa, chimodzimodzi mitengo ya utomoni wa poizoni monga nkhadze.

Wogula wa m'botolo ayenera kuwerenga zomwe zalembedwa. Wina ndi mchere wofukizadi, koma wina adangouthira madzi onunkhira utsi opangidwa kufakitale. Mu 2024 mayiko a bungwe la European Union adagwirizana zosiya kuloleza mitundu isanu ndi itatu ya zonunkhiritsa zoterezi, akatswiri awo a zakudya atalephera kutsimikiza kuti sizingaononge thupi la munthu.

Nthawi yothira ndiyo luso

Mkangano wakale pakati pa ootcha nyama ndi wakuti mchere uthiridwe liti. Ena amathira nyama isanapite pamoto, ena amati ukatero imauma gwa. Onse ali ndi mbali yoona.

Mchere ukagwa panyama yaiwisi umakoka madzi kutulukira kunja. Pakapita mphindi khumi, pamwamba pa nyama pamakhala chinyezi, ndipo ikaikidwa pamoto nthawi imeneyo imayamba kuwira m'malo mopsa mofiirira. Koma ikasiyidwa kwa mphindi 40 kapena kuposerapo, madzi aja amasungunula mchere nkubwerera nawo mkati. Nyama yotero imakolera mpaka pafupa ndipo imasunga msuzi wake ikamapsa.

Choncho njira zabwino ndi ziwiri: kuthira mchere nthawi yaitali nyama isanaotchedwe, kapena kuthira pomwepo ikupita pawaya. Choipa ndi chapakatikati. M'miyezi yotentha ya October ndi November, nyama yodikira iyenera kukhala yovundikira pamalo ozizira, chifukwa ntchentche sizidikira mphindi 40.

Mchere wa utsi uli ndi malo ake. Panyama yomwe ikuotchedwa kale pamakala, fungo lake limamira mu utsi wa mbaula, ndipo munthu amangotaya ndalama. Umamveka bwino ukawazidwa pomaliza, nyama itaphulidwa. Koma pomwe umaonetsa mphamvu zenizeni ndi panyama yokazinga pachiwaya, yophika pamagetsi kapena pagasi, yomwe siidaone makala nkomwe. Katsinidwe kamodzi pachiwindi chokazinga, pamazira, pambatata kapena m'nyemba kamabweretsa fungo la pakanyenya m'nyumba.

Zokometsera zina ndi zomwe zili kale pamsika. Tsabola wa kambuzi, wa timibulu tachikasu kapena tofiirira, amanunkhira kuposa piripiri ndipo amagwirizana ndi mbuzi. Adyo, jinja ndi anyezi osinja pamodzi ndi madzi a ndimu amachotsa fungo la tonde. Botolo la Nali, tsabola yemwe Alford Nalilo Khoromana adayamba kupanga m'zaka za m'ma 1970, silisowa pamalo ambiri ootchera nyama.

Nyama ya ng'ombe yokalamba, yomwe idatha zaka ikukoka ngolo, ili ndi mankhwala ake pakhomo pomwepo. Papaya wamuwisi ndi masamba ake ali ndi utomoni womwe umafewetsa mitsempha ya nyama. Kukulunga nthuli m'masamba opondaponda a papaya kwa ola limodzi kapena awiri nkokwanira. Ikakhalitsa imasanduka phala.

Zokometsera zokhala ndi shuga kapena tomato zimapsa msanga nkusanduka makala, choncho zimapakidwa nyama itatsala pang'ono kupsa. Nyama ikaphulidwa ndi bwino kuisiya mphindi zisanu isanadulidwe kuti msuzi ukhazikike mkati m'malo motayikira pathabwa.

Pusi adagwa chagada

Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Mchere wa utsi ndi mchere basi, ndipo thupi silisiyanitsa wodula ndi wotchipa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Muyesowu ndi wa zakudya zonse za tsikulo: ndiwo za masana, usipa wouma, buledi, tchipisi ndi kanyenya wa madzulo.

Vuto la pakanyenya ndi lakuti mchere umalowa katatu. Wootcha amathira poyamba. Kenaka amawaza zokometsera za m'mapaketi ndi timibulu ta supu, zomwe mbali yaikulu ndi mchere womwewo. Pomaliza wogula amasunsa nthuli iliyonse pakamulu koyera kaja. Munthu akhoza kumaliza muyeso wa tsiku lonse ataima pambaula imodzi.

Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 adapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64 m'dziko muno, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Matendawa sapweteka poyamba. Amadzaonekera munthu atafa ziwalo mbali imodzi, mtima utatupa kapena impso zitaleka kugwira ntchito, ndipo kawirikawiri amagwetsa bambo kapena mayi yemwe banja lonse limadalira.

Apa ndi pomwe mchere wa utsi ungathandize ngati waugwiritsa ntchito mwanzeru. Popeza uli ndi fungo lamphamvu, wochepa umakwanira. Ndimu, tsabola, adyo ndi jinja nazo zimadzutsa lilime popanda kukweza magazi. Koma ukabwera kudzaonjezera pamwamba pa mchere wina, ndiye kuti wangokulitsa vuto.

Palinso nkhani ya ayodini. Lamulo la dziko lino la 1995 limafuna kuti mchere wodya anthu ukhale wothira ayodini, michere yomwe imateteza chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana kukula bwino kuyambira ali m'mimba. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limayeza mchere wolowa m'dziko ndi wogulitsidwa m'mapaketi. Mchere wambiri wa utsi wochokera kunja ndi wa m'nyanja wosathira ayodini, ndipo wopanga pakhomo ukhoza kutaya wina mwa ayodini wake chifukwa cha chinyezi ndi kutentha. Nzeru ndi yakuti wa utsi ukhale wa panyama ya Loweruka, pomwe m'ndiwo za tsiku ndi tsiku, makamaka pakhomo pomwe pali mayi woyembekezera ndi ana, muzilowa wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini.

Chakuda si chokoma

Ogula ena amasankha dala nthuli yakuda bii poganiza kuti ndiyo yapsa. Akatswiri a zaumoyo adapeza kuti nyama yopserera, komanso utsi womwe umakwera mafuta akadonthera pamakala nkuyaka, zimakhala ndi zinthu zomwe zingathandizire kuyambitsa khansa munthu akamazidya kawirikawiri. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa idalengeza kuti nyama zokonzedwa kufakitale monga soseji ndi polone zimayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo nyama yofiira yodyedwa mopitiriza muyeso ikuoneka kuti nayo ingatero.

Izi sizikutanthauza kuti mbaula zizimitsidwe. Wootcha wodziwa ntchito amadikira kuti malawi athe ndipo makala avale phulusa loyera. Amachotsako mafuta olendewera, amatembenuza nyama pafupipafupi, ndipo malawi akabuka amaisunthira pambali. Zopserera amazipala ndi mpeni.

Chizolowezi china choipa ndi kuyatsira mbaula majumbo, zidutswa za matayala kapena palafini. Utsi wake umamatirira pawaya ndi panyama. Mapepala, udzu wouma kapena zitsononkho zimayatsa moto popanda poizoni.

Kunja kuda sikutanthauza kuti mkati mwapsa. Nkhuku iyenera kupsa mpaka madzi otuluka pafupa akhale oyera opanda magazi. Nkhumba yosapsa ikhoza kupatsa munthu njoka zazitali za m'mimba, ndipo mazira a njokazi akalowa m'thupi kudzera m'manja kapena chakudya chodetsedwa amatha kufika ku ubongo nkuyambitsa khunyu. Nchifukwa chake nyama yogula iyenera kukhala yomwe yayezedwa ndi alangizi a ziweto nkudindidwa chidindo.

Ngakhale kamulu ka mchere kaja kali ndi nkhani yake. Zala makumi angapo zimapisamo usiku umodzi, zina zitangogwira ndalama. Ootcha ena adayamba kuika mchere ndi tsabola m'mabotolo obooledwa pachitsekero, nkuika chigubu cha madzi ndi sopo pambali. Sizidula, koma zimabweza makasitomala.

Utsi womwe ukudya mapiri

Kumbuyo kwa nthuli iliyonse kuli thumba la makala. Ambiri mwa makala a mu Blantyre amachokera ku Neno, Mwanza ndi Chikwawa, ena pamalole usiku, ena panjinga zomwe eni ake amakankha mitunda yaitali kusanache. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 Nyumba ya Malamulo idalikhwimitsa poonjezera zilango. Koma malinga ngati magetsi ali osadalirika ndipo gasi ndi wodula, mbaula siichoka pakhomo.

Okhala ku Ndirande safunika kuwauza zotsatira zake. Phiri lomwe kale lidali lodzaza mitengo lidametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikira, kufupi ndi Zingwangwa. Anthu mazanamazana adafa m'chigawo cha kummwera, ndipo akatswiri adatchula kutha kwa mitengo ndi kumanga nyumba m'mapiri ngati zina mwa zomwe zidakulitsa ngoziyo.

Kabotolo ka mchere sikangabwezeretse nkhalango. Komabe masamu ake ndi osavuta. Zitsononkho zodzaza manja awiri ndi nthambi zodulira mango zingafukize mchere wokwana miyezi ingapo. Banja lomwe limayatsa mbaula yachiwiri pongofuna fungo la utsi panyama likhoza kukazinga pamoto womwe waphika nsima, nkuwaza mcherewo pomaliza. Wogulitsa tchipisi ndi nyama ya pachiwaya akhoza kupatsa makasitomala fungo lomwelo osagula thumba lina la makala. Ndipo mayi wa ku Bangwe kapena ku Lunzu yemwe ali ndi mgolo wakale ndi zitsononkho akhoza kupeza bizinesi yatsopano yogulitsa timapaketi kwa ootcha nyama.

Usiku ukamakula ku Ndirande, makala amayamba kuzilala ndipo wootcha amawerenga ndalama zake pansi pa nyali ya foni. Mawa m'mamawa adzakhala ali pamsika kusankha mbuzi ina. Chomwe akufuna ndi chakuti kasitomala wa lero abwerenso mawa, chaka chamawa ndi zaka khumi zikubwerazo ali ndi mphamvu zake. Pamenepo ndiye kuti mchere wakolera: osati wosamveka, osatinso wowawa.